Ndaboola Pansi pa Galimoto ya Alamu Anga

Aphungu,

Pepani ndi kalembedwe kangaka. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndipo dzanja langa linazolowera sipanala, cholembera chimaterereka. Pomwe pakukanika kuwerengeka mungoganizira.

Ndine makaniko wa pansi pa mtengo kuno ku Bangula. Alamu anga a Geresomo, achimwene ake a mkazi wanga Dorika, popita ku migodi ku Joni anandisungitsa galimoto yawo yakale yobiriwira, imene anagula kwa mzungu wina wa thonje. Popereka makiyi anati, "Alamu, muziyendako kuti isachite dzimbiri, koma ndidzaipeze monga ndaisiyira."

Galimotoyi ndi yabwino, koma mukaithamangitsa pa msewu wopita ku Nchalo injini imalira ngati ikupempha giya ina, ndipo ndi kutentha kwa kwathu kuno madzi sachedwa kuwira. Mwezi wathawu mnzanga Ignasio wa ku Chiromo anandiitana kuti ndikaone galimoto ya mtundu womwewo imene inafera kuseri kwa nyumba yake. Kumbuyo kwa giyabokosi yake kunali ovadilaivu, kabokosi kowonjezera giya pamwamba pa giya yomaliza kuti injini izipuma paulendo wautali. Aphungu, chinthu chimenechi ndinkangochimva m'nkhani za madalaivala. Ignasio anati tenga. Ndinachikweza pa ngolo, ine n'kumayenda pambali pake ngati ndikuperekeza mkwatibwi.

Vuto linabwera pomanga. Pansi pa galimoto, pakati pa mapazi a woyendetsa ndi a wokwera, pali linunda lachitsulo momwe giyabokosi imabisala. Ovadilaivu ndi yonenepa, inakana kulowa ndi zala ziwiri zokha. Ndinagogoda ndi hamala, osatheka. Masiku atatu ndinkangolowa kunsi, kuyang'ana, n'kutuluka. Tsiku lachinayi ndinalemba ndi choko, ndinatenga tchizulo, n'kudula palinundapo chibenthu chachikulu ngati mbale.

Inalowa bwinobwino. Ndinafupikitsa shafiti yopita ku matayala akumbuyo, ndinalumikiza waya ku swichi yoyatsira ovadilaivuyo, ine ndi Ignasio tinauyamba wa ku Ngabu. Titafika powongoka ndinakankha swichi ija. Aphungu, phokoso lonse linagwa pansi, galimoto n'kumangoyandama ngati bwato lotsika ndi madzi mu Shire. Ignasio anandimenya paphewa nati, "Pyadidi, zabwino zedi, m'bale wanga, tsopano ikuthamanga ili chikhalire." Ngakhale pano ndikulemba, mtima ukudumpha. Kungoti pabowo paja pankalowa fumbi ndi mpweya wotentha, ndipo msewu tinkauona ukuthawa pansi pa mapazi athu.

Dorika atasuzumira anangoti, "Bambo a Jesinta, mbuzi yokusungitsani saidula khutu. Wodula khutu ndi mwini wake." Kuchokera tsiku limenelo sanakwerenso.

Tsopano kalata yafika. A Geresomo atsika sitima Loweruka lomaliza la mwezi uno, ndipo akuti ndikawachingamire ndi galimoto yawo. Ndasula chivundikiro kuchokera ku chitsulo cha mgolo, ndachiumba pa mtondo wakale, chikukwana ndithu. Ignasio akuti ndiwotcherere, ndipake penti yakuda, ndiyale mphira pamwamba, sadzadziwa. Koma linunda lakwera ndi zala zitatu, ndipo alamuwa ndi munthu woti akalowa m'nyumba amadziwa kuti mpando wasunthidwa. Nanga akakwiya n'kunena kuti mlongo wawo anakwatiwa ndi munthu wosayenera kumusungitsa kanthu? Nanga akati ndibwezere, ndibwezera bwanji chodulidwa?

Chibenthu chija ndachibisa kudenga. Sindikudziwa ngati ndiwotcherere n'kukhala chete kapena ndiwauze, ndipo Dorika sananene ngati adzakhala mbali yanga.

L.N., Bangula.

*

A L.N.,

Kalata yanu ndawerenga yonse popanda kuganizira paliponse. Ntchito mwagwirayo ndi ya munthu waluso, ndipo inenso ndikanakonda kukwera nawo kukafika ku Ngabu. Koma akazi anu anena zoona. Munadula chinthu cha mwini musanapemphe, pomwe kalata yopita ku Joni ikanangokudikiritsani milungu itatu.

Musawotcherere. Pansi pamenepo pamadutsa paipi ya petulo, ndipo moto wowotcherera sufunsa kuti galimoto ndi ya yani. Komanso tsiku lina ovadilaivu idzafuna mafuta kapena kukonzedwa, ndiye mudzatenganso tchizulo? Palani m'mphepete mwa bowo pasakhale mano, pakani penti kuti dzimbiri lisayambe. Chivundikiro chanucho chimangeni ndi mabawuti, pakati pake muyike mphira wa chubu chakale, ndipo musiye mpata wa chala chimodzi kuti chitsulo chisamagundane ndi bokosi pa mabampu. Ngati tchizulo inaluma mtanda wolimbitsa pansi pa galimoto, umenewo ndiye ukonzedwe poyamba, thanki ndi paipi mutachotsa.

Malangizo a Ignasio asiyeni ku Chiromo. Bowo alamu angakhululuke, koma mphira woyalidwa kuti asaone sadzauiwala. Tsitsani chibenthu chija kudenga, muchitsuke. Loweruka mupite kusiteshoni ndi Dorika, ndipo mumupemphe lero, osati m'mawa wa tsikulo. Alamu akatsika, alonjereni, katundu alowe, koma asanatsegule chitseko apatseni chibenthucho m'manja, munene kuti munalakwa. Musayambe ndi kutama liwiro. Kenaka apatseni makiyi ayendetse okha, ndipo powongoka muwaonetse swichi. Akati zibwerere mwakale, ovadilaivu muichotse, giyabokosi ndi yomwe ija, shafiti ina mukaifune msanga isanafike sitima, mubwezere osang'ung'udza.

Chenjezo langa ndi ili: musanyamulenso munthu bowo lili pululu kapena chivundikiro chikupumira. Utsi wa injini ukamalowa m'kati umagonetsa woyendetsa asakudziwa. Ndipo pokwera phiri la Thabwa ovadilaivu muzizimitsa.

Ngati a Geresomo adzaseke kapena adzakulandeni makiyi, zimenezo ine sindingadziwe. Galimoto ndi yawo, ndipo mawu omaliza ndi awo.

Phungu wanu.