Waya wa Gitala ya Achimwene

Ndirande, Blantyre
10 Ogasiti 1986

Okondedwa achemwali a Veronika,

Landirani moni kuchokera kuno kumtunda. Ndikufunsa moyo wanu, wa alamu ndi wa ana onse kwa Maseya. Makamaka ndikufunsa za amayi. Maso aja akuonako pang'ono, kapena mdima wawonjezeka? Nanga chifuwa chija chinasiya? Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Mlamu wanu Jesinta anadwala malungo mwezi watha koma tsopano akuyenda. Ine kuzizira kwa kuno sindinakuzolowerebe, zaka zonsezi. Chiperoni chikabwera ndimangokumbuka kutentha kwa kwathu, pamene tinkagona panja pamphasa n'kumadandaula kuti tikupsa. Lero ndimakusirira kupsako.

Kalata iyi muwerenge nokha. Musaipereke kwa mwana kuti awerenge mokweza pakhonde monga mumachitira, chifukwa amayi makutu awo ndi akuthwa. Mukafika kumapeto mudzadziwa chifukwa chake.

Kuntchito ku bekare zinthu zili bwino, kungoti msana ukundivuta ponyamula mathireyi a buledi. Sabata yatha ndinataya khadi la chipani, ndipo ndinakhala masiku osapita kumsika, mtima uli m'mwamba. Jesinta analipeza m'thumba la malaya amene anali atawachapa kale. Lafufuma koma dzina likuwerengeka. Iye akuti ndidzafa ndi nkhawa matenda asanandipeze.

Tsopano nkhani imene yandigwiritsa cholembera ndi ya achimwene a Lorenso. Munandilembera kuti iwo ndi gulu lawo la Njati Jazz avomera kudzaimba paukwati wa mwana wanu Priska mwezi wamawa, ndi kuti amayi akuwerenga masiku kuti amvenso gitala ya mwana wawo. Ine ndinakondwa, komanso ndinadabwa, chifukwa kuyambira Pasaka achimwene akhala akundizemba. Ndikapita kwawo ku Bangwe amati achoka. Choncho Lamulungu lapitali, nditamva kuti akuimba masana mu holo ina ku Limbe, ndinavala jekete n'kupita osawauza.

Achemwali, nditalowa muja misozi inali pafupi. Anthu anali ambiri, ndipo ochuluka anali a msinkhu wathu, ena imvi zili mbuu. Ambiri anali a kwathu kuchigwa, moti kumbuyo kwanga kunkangomveka Chisena chokhachokha. Kutsogolo kunaima a Pedro, oimba mawu aja, atanenepa kwambiri koma mawu ali omwewo. Pambali pawo achimwene, atavala malaya ofiira ngati kale, gitala ili pachifuwa. Mwa asanu amene anayamba gululi ku Nchalo, atsala awiri okhawo. Wa ng'oma ndi wa besi ndi anthu atsopano amene sindikuwadziwa.

Ndinakumbuka zonse. Ndinakumbuka bambo akuimba ulimba pansi pa msawu tikagulitsa thonje, achimwene ali mwana akuwagwedezera nkhocho, maseche a kwathu aja. Ndinakumbuka gitala yawo yoyamba ya chigubu cha mafuta, nsambo zake za waya wa buleki ya njinga, imene inu munaikhalira mwangozi n'kuithyola khosi, iwo n'kukana kudya tsiku lonse. Ndinakumbuka mmene ankaimira pakhonde la sitolo kumvera nyimbo za roko pawayilesi ya ku Mozambiki, akabwera kunyumba n'kumaisakaniza ndi nyimbo za bambo. Ndiponso tsiku lija anyamata achipani anawameta tsitsi pasiteji ya basi, iwo n'kufika kunyumba mutu uli zigamba zigamba, amayi n'kuseka mpaka kugwira nthiti.

Atayamba nyimbo ija anapekera bambo atamwalira, ya bwato latsala padoko, holo yonse inaimirira. Koma ine khutu langa linakana. Inu mukudziwa kuti achimwene akafika pamene nyimbo imatembenukira amachedwa pang'ono, ngati munthu amene wakumbuka china ali pakhomo. Ndi mmene bambo ankachitira pa ulimba. Amayi ankati Lorenso amachedwa ngati bambo ake pochokera kudambo. Koma tsiku limeneli gitala sinachedwe. Inalira bwino kwambiri, yosalala, yofika pa nthawi yake, koma sinali ya m'nyumba mwathu.

Ndinasendera kutsogolo cha kumbali. Ndinaona dzanja lamanja la achimwene likukwapula nsambo mwamphamvu, koma lamanzere linangogona pakhosi pa gitala, zala osasuntha. Ndinatsata waya wa gitala yawo ndi maso. Unatsika pansi, unazungulira mwendo wa tebulo, n'kuthera pomwepo. Sunalowe paliponse. Kuseri kwa masipika, pampando wamfupi, kunakhala bambo wina wadazi atawerama, akuimba gitala ina. Mawu onse a gitala amene anthu ankavina ankachokera kwa iye.

Bambo wina wa ku Nsanje amene anali pafupi nane anandigwira paphewa, thukuta lili kamukamu, n'kundiuza kuti zala za Lorenso sizikalamba, zikadali za mnyamata. Ine ndinangoti inde.

Atamaliza ndinapita kuseri. Achimwene atandiona anafuna kubisa dzanja m'thumba koma linakana kulowa. Anandifunsa kuti kodi ku bekare buledi watha kuti ndiyambe kuyendera anthu ngati wapolisi. Ine sindinaseke. Ndiye anandiuza kuti chakumapeto kwa dzinja anadzuka m'mawa wina dzanja lamanzere lili dzanzi, ndipo kuchipatala anati mwina lidzabwerera, mwina ayi. Kapu amagwira, koma kukanikiza nsambo sangathe. Wadazi uja ndi a Edmund, a ku Zomba, munthu wamkulu wa ana ake. Achimwene anawaphunzitsa nyimbo zonse ndi pakamwa, kuwaimbira mmene gitala iyenera kulirira.

Ndinafunsa ngati kumeneku si kunamiza anthu. Anayankha ndi a Pedro, akupukuta khosi ndi thawulo. Ananditchula kuti Seba wamantha monga ankanditchulira ndili mwana, n'kunena kuti anthu aja sabwera kudzawerenga zala, amabwera kudzaona nkhope zimene ankavina nazo asanakwatire. Anati nyimbo ndi za Lorenso, amene anazipeka ndi Lorenso, ndiye bodza lili pati? Kenaka anandikumbutsa bwato la bambo, kuti linamatidwa malata ndi phula mpaka mtengo weniweni kusowa, koma anthu onse padoko ankalitchulabe bwato la bambo ake a Lorenso. Onse anaseka. Ine ndinayankha kuti n'zoona, koma zigamba za bwato lija zinali poyera, aliyense wokwera ankaziona, ndipo bambo sanaziphimbe ndi nsalu. Apo kuseka kunatha.

A Edmund sanalankhule zambiri. Anangoti iwo kukhala kuseri sikuwapweteka kwenikweni, koma ana awo sakhulupirira kuti bambo awo amaimba, chifukwa sanawaonepo. Ndinawamvera chisoni. Si munthu woipa.

Kunena zoona, achemwali, za anthu a mu holo sindikudziwa. Mwina a Pedro akunena zoona. Anthu anavina, ena analira, ndipo palibe amene anatuluka wokhumudwa. Ndakhala ndikuitembenuza nkhaniyi mpaka Jesinta watopa nane. Koma ukwati wa Priska si holo ya ku Limbe. Kwathu adzaimba pabwalo, dzuwa lili pamutu, ana atazungulira mbali zonse, ena ali mumtengo. Kulibe kuseri. Adzamubisa kuti munthu wamkulu wadazi, m'khola la mbuzi? Mwana mmodzi akangoutsata waya uja, achimwene adzasanduka nyimbo ya pamtondo kuyambira kwa Maseya mpaka ku Chapananga, ndipo manyazi adzagwera Priska pamaso pa apongozi ake.

Koma chimene chikundiopsa kwambiri ndi amayi. Iwo waya sadzauona. Adzangokhala pamphasa n'kutchera khutu, kudikira pamene mwana wawo amachedwera. Akadzamva kuti sanachedwe, adzadziwa. Ndipo adzadziwa ali pakati pa anthu, popanda wowauza chifukwa chake. Adzaganiza kuti Lorenso sanabwere ndipo tonse tikuwanamiza chifukwa cha khungu lawo, kapena adzaganiza zoopsa kuposa pamenepo. Inu mukudziwa mtima wawo mmene ulili masiku ano.

Ndinawauza achimwene zimenezi. Anakwiya. Anati ine ndikufuna kuti apite kwawo ngati wopuwala wopempha chisoni, ndipo ngati zili choncho bola asapite n'komwe. Anandiletsa kukulemberani. Ndinawauza pamaso pawo kuti ndilemba, ndipo ndi ino ndikulembayi. Ndinati a Edmund akhale kutsogolo pampando wooneka, atchulidwe dzina, ndipo achimwene aime pambali pawo aimbe ndi mawu. Ndinati dzanja lamanja likadali lamoyo, ndipo asanagwire gitala linkagwira china. Wogwira nkhocho ndi amene amasunga mayendedwe a nyimbo. Akachedwa iye, gulu lonse limachedwa naye, ngakhale wa ku Zomba.

Achimwene anatenga gitala n'kuyamba kuiika m'thumba lake ndi dzanja limodzi, n'kukana kuti ndiwathandize. Ndinatsanzika ndili ndi mantha kuti ubale watha. Ndili pakhomo anandiitana, osanditembenukira, n'kundifunsa ngati nkhocho za bambo zija zikadalipo kapena makoswe anadya.

Pempho langa ndi limeneli. Kafufuzeni nkhochozo. Pomaliza ndinaziona m'dengu lakale, kudenga m'nyumba ya amayi, pamodzi ndi timitengo ta ulimba. Ngati zang'ambika, alamu azimange n'kuikamo njere zatsopano, koma zigwiriro asasinthe. Ndipo mukazitsitsa, muzitsitse amayi ali pomwepo. Adzazimva kulira ndipo adzafunsa. Akafunsa muwauze zonse, pang'onopang'ono, muli awiri. Inu mumatha kulankhula nawo, ine ndikanangoyamba kulira. Muwauze kuti mwana wawo ali moyo, akudya, akuyenda, mwano wake ukadali womwewo, dzanja limodzi lokha ndi limene lagona.

A Edmund muwakonzere malo ogona ndi mbale ngati mlendo wolemekezeka. Sanatsikepo kuchigwa, ndipo ndawachenjeza za kutentha ndi udzudzu koma akuganiza kuti ndikukokomeza.

Mundiyankhe msanga, ngakhale mizere iwiri, kudzera mwa aliyense wokwera basi. Achimwene sananene kuti avomera, ndipo ine sindipitanso ku Bangwe chimanjamanja. Ndikufuna ndikafike ndi mawu akuti nkhocho zapezeka.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali a ku Nsanje akabwera, ndi kwa ana onse. Priska mumuuze kuti nsalu yake Jesinta wagula kale, ndipo asadandaule, kuvina kudzakhalapo. Jesinta akuti takhuta, zikomo kwambiri, chifukwa cha milamba youma ija, inafika bwino. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga, ndipo mukatha kuwauza zonse muwonjezere ichi: paukwati atchere khutu pamalo pomwe paja. Lorenso adzachedwa.

Tsalani ndi Mulungu.

Ine mlongo wanu wamng'ono,
Sebastiano