Mzime Wanu Akukana Mankhwala

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ndipo miyendo ija yayamba kukulolani kuyenda. Kuno tilipo, kungoti thupi latopa. Kuchipatala kumene ndimachapa, makina amodzi anafa, ndiye nsalu za pabedi za odwala tikuchapa ndi kufinya pamanja. Pofika kunyumba zala zimakhala zitauma, ngakhale batani la bulauzi limandikanika kumasula.

Koma chondilembetsa kalatayi ndi mzime wanu. Chitulukireni kundende akukhala ndi ine m'kachipinda kanga komweka. Anatuluka ndi chifuwa chachikulu. Adokotala akuti n'chochizika bola azimwa mankhwala osadumphitsa, koma iye sakumwa. Ndimamuikira mapiritsi pawindo popita kuntchito, pobwera ndimawapeza ali pomwepo. Matiresi amene ndinamupezera anawaimika kukhoma, akugona pasimenti. Akuti munthu ngati iye amene anayendetsa galimoto ataledzera n'kupha bambo wa ana a eni alibe chifukwa chochirira.

Ndayesa zonse, Amayi. Kunyengerera ndanyengerera, kukalipa ndakalipa, mpaka tsiku lina ndinamuuza kuti ngati akufuna kufa akafere kwina chifukwa ine maliro sindingawathe. Anangoti ndanena zoona. Nanga munthu wongovomera chonchi ungakangane naye bwanji? Kutchalitchi amapita, koma amakhala pabenchi ya kukhomo, ndipo akangoona kuti Mgonero wayandikira amatuluka. Abusa anamuuza kuti Ambuye sanafere anthu oyenera. Iye anayankha kuti zimenezo akuzidziwa kuyambira ali mwana, koma sizikutsika kukhosi.

Lamulungu lapitali kunabwera akazi a malemu aja, atachita kufunsira njira kwa abusa. Ine mantha, mpaka ndinabisa mpeni umene unali patebulo. Ndi mayi aang'ono thupi, ogulitsa zovala pamsika, ndipo sanabwere ndi nkhope yosekerera. Mpando anaukana. Anamuuza mlongo wanga kuti amukhululukira, koma asaganize kuti n'chifukwa choti ndi munthu wabwino. Akuti nthawi yonse imene iye anali m'ndende iwo ankalimbana ndi Mulungu, akukana kukhululuka, mpaka anatopa n'kugonja poona kuti nawonso Mulungu yemweyo amawapirira tsiku ndi tsiku. Ndiye anamufunsa ngati chikhululukiro chimene achivutikira chonchocho iye akufuna kukachitaya kumanda. Anatunga okha madzi m'ndowa, n'kuima pamaso pake mpaka anameza mapiritsi. Mwana wanu analira ngati khanda, inenso ndinakalirira kuseri kwa bafa.

Musaganize kuti zatha. Mawa lake anamwa, tsiku linalo anakana, dzulo wamwa nditachita kumugwadira. Ine ndiye ndafika pothera. Mapemphero anga masiku ano ndi ongoyamba chabe, tulo timandipeza ndisanafike pa ameni. Ngati Mulungu amamvera okhawo opemphera bwino, ndiye kuti nyumba ino sakuidziwa. Ndimangodalira kuti amamva ndi otopa omwe.

Tsono pempho langa ndi ili, ndipo musandikwiyire. Mlongo wangayu anamva kwa msuweni wathu kuti kumeneko mumauza anthu kuti ali kuntchito kutali, ndiponso kuti kumpingo simunamutchulepo m'mapemphero. Sindikukuweruzani, manyazi amenewo nanenso ndawasenza. Koma m'mawa uno, ndikuvala nsapato, anandifunsa kuti atachira n'kubwera kwanu dzuwa likuswa mtengo, anansi ali pakhonde akuona, kodi mungamutsegulire khomo lakutsogolo, kapena mungamuuze kuti adikire kude n'kudzera kuseri. Ndinangoti ndikufunsani.

Chonde musandiyankhe ine. Muimbireni iyeyo, foni ndimamusiyira masana onse. Ngati mawu akukanikani, mungomuitana mmene munkamuitanira ali mwana, ena abwera okha.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali, alamu anga ndi ana onse. Akafunsa za iye, auzeni zoona, kapena muwauze afunse ine. Mwiniwake ndamufunsa ngati ali ndi moni woti ndikulembereni. Wati adikira kaye amve yankho lanu.

Tsalani ndi Ambuye,
Ine mwana wanu woyamba