Kabotolo ka 41

Lolemba, 3 Malichi
Firiji: -80.
Pepani Adokotala. Kope ili munandipatsa kuti ndizilembamo kuzizira kwa firiji basi, koma lero ndalembamo zanga. Ndilibe wouza. Lachisanu munagwa pafupi ndi sinki. Akuti sitiroko. Mkono wamanja wafa, mawu sakutuluka. Kapu yanu ndatsuka, ndaibweza pamalo pake. Magalasi anu ndawaika m'dirowa.

Lachitatu, 5 Malichi
Firiji: -80.
Mabotolo onse oyera. Ndinawatsukanso kachiwiri, poti ntchito ina palibe.
Ndakumbuka tsiku loyamba mu labotale muno. Ine wa Sitandade 7. Munati, "Iwe Kachete, sindifuna satifiketi, ndifuna munthu wotsuka botolo katatu ngakhale palibe womuona." Zaka zisanu tsopano. Zolemba zonse za pa timabotolo ta tizilombo ndi dzanja langa, chifukwa lanu mumati limaoneka ngati mapazi a nkhuku.

Loweruka, 8 Malichi
Ku chipatala. Bedi la pawindo. Mwachepa thupi. Munandiyang'ana nthawi yaitali, kenako munakweza zala za kumanzere, zinayi, kenako chimodzi. Ndinamva: kabotolo ka 41.
Mwana wanu wamkazi anamvanso. Ananditulutsira pakhonde. Anati, "Achemwali, nkhani za kuntchito zisalowe muno. Ine ndinaleredwa ndi wantchito, amayi akulera tizilombo." Ndinangoti pepani. Malalanje ndinabwerera nawo, ndinaiwala kupereka.

Lolemba, 10 Malichi
Firiji: -79. Wina anatsegula.
Bwana watsopano. Waulemu ndithu, koma wachangu. Akuti lamulo ndi lakuti tizilombo topanda mwini tiphedwe, firiji izimitsidwe Lachisanu. Mabokosi khumi ndi anayi. Wowiritsa ndine, poti mphika wa nthunzi uja ndimauyatsa ndine.
Ndinafuna kunena kuti 41 si woipa. Kuti munamupeza mu mkaka wosasa zaka makumi awiri zapitazo. Kuti amapha kachilombo kaja kotsegula ana m'mimba. Ndinaona ndi maso anga: m'kambale munadzaza oipa aja, koma pozungulira iye poyera mbee. Tsiku limenelo munavina ndi magolovesi. Munati, "Ena ali ndi zidzukulu, ine ndili ndi uyu."
 Ndinati, "Chabwino, bwana."

Lachiwiri, 11 Malichi
Firiji: -80.
Mabokosi asanu a chizindikiro chofiira, oipa aja. Amenewa sindinawalire. Tepi ya pamwamba inatuluka ndi mizere yakuda, kusonyeza kuti afa onse. Ndinalemba nthawi monga munandiphunzitsira.
Mlonda wa masana akuti, "Lero mwaphika chambiri, simutiitana?" Ndinaseka pang'ono kuti asaone.

Lachinayi, 13 Malichi
Firiji: -80.
Dzulo sindinalembe. Mabokosi ena asanu ndi atatu. Ambiri ndinawalemba ndekha, ndi tsiku lake, ndi kumene anachokera. Ntchito ya moyo wanu wonse, mphindi makumi awiri m'mphika.
Lero ndinakwera pamwamba kwa adokotala aamuna aja munawaphunzitsa. Ndinaima pakhomo mpaka anandifunsa okha. Ndinalankhula, Adokotala. Ine amene. Akuti malo m'firiji mwawo alipo, koma sangamulandire 41 popanda pepala losainidwa ndi mwini wake kapena womuyang'anira. Womuyang'anira ndi mwana wanu.
Ndinamuimbira kawiri. Sanayankhe. Sindimuda. Akukusamalani yekha, kukusambitsani, kukudyetsani ndi supuni.

Lachisanu, 14 Malichi
Firiji: azimitsa 10 koloko. Chipinda chili zii. Sindinkadziwa kuti kulira kwake ndinakuzolowera chotere.
Bokosi lomaliza ndawiritsa. Koma munali malo amodzi opanda kanthu, a 41.
Adokotala, sindinabepo ngakhale cholembera chanu. Ndipo sindinamutulutse panja, lamulo lanu ndikulidziwa: "Chamoyo sichidutsa chitseko ichi." Ali m'kabokosi koyera kaja, m'madzi oundana ouma, otuluka utsi aja, pansi pa sinki, kuseri kwa sopo. Pafomu ya bwana mzere wake ndausiya wosalemba. Bodza sindinalembe. Lolemba akafunsa ndinena zoona, ntchito ithe ngati ikutha.
Madzi oundanawo safika Lamlungu madzulo.
Mawa ndibweretsa kope ili, pepala la adokotala apamwamba lili mkati. Ndilisiya patebulo la pabedi, sindilankhula kanthu.
Achemwali, ndikudziwa kuti muyamba kuwerenga ndinu. Pepani kwambiri. Sindikupempha kuti mumukonde 41. Ingowawerengerani amayi tsamba ili, muwagwire dzanja la kumanzere. Akafinya kamodzi, ndikamuwiritsa ndekha, ndipo simudzandimvanso. Akafinya kawiri, posaina ndi pamene ndaika kamtanda ka pensulo.
Ndikhala pa benchi ya pakhonde paja. Chonde ndiyankheni msanga.