Abambo ankalondera chiyani pa mpando uja?

Achemwali a Felesita,

Ndiye paja foni inaduka nkhani yanga itafika poti ndili pakati pa chitunda chochokera kudambo, matumba awiri a mtedza ali panjinga, ine ndikupalasa osatsika. Mukudziwa kuti kuno kwa Kabudula chitunda chimenecho chimandiopa, chikandiona chimagona chokha. Koma tsikulo nditafika pamwamba mpweya unandithawa. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndili wefuwefu ngati galu wothamangitsa gwape. Wina atafunsa, ndinati ndikuona ngati mango abereke chaka chino.

Pepani, ndalowa m'nkhani moni ndisanapereke. Muli bwanji ku Mzuzuko, alamu ndi ana? Ife tilipo. Mayi a Dalitso akungonenepa, paja anakwatiwa bwino. Ndalemba kalata chifukwa zotsalazi si za pafoni, m'nyumba muno makutu ndi ambiri.

Befu ameneyu anayamba nthawi yosankha fodya. Ndinati ndi fumbi, pajatu m'chigafa aliyense amatsokomola. Komanso mabelo tinkagona nawo kuchipinda poopa akuba. Kenako ndinaloza mbaula imene tinkaotha m'nyumba nthawi yozizira. Mbaula inatuluka, befu anatsala. Kukwaya, ine amene besi yanga imagwedeza malata a tchalitchi, ndinayamba kudukiza mzere pakati. Ndinawauza kuti ndikupereka mpata kwa achinyamata.

Ndinapita kuchipatala mobisa, kunyumba ndinati ndikukagula tcheni cha njinga. Adokotala ake ndi mtsikana wamng'ono koma wodekha. Anati kubanika si matenda pakokha, kuli ngati mwana wotumidwa, chofunika n'kudziwa amene wamutuma. Akhoza kukhala mapapo, kaya mphumu, kaya chifuwa chachikulu, kaya utsi ndi fumbi. Akhoza kukhala magazi ochepa. Ena akuti ndi nkhawa chabe. Mwinanso mtima.

Makhololo anayeza, chifuwa chachikulu mulibe. Magazi ndili nawo oti ndingagawire mudzi wonse n'kutsalako a mawa. Ndinayamba kuvala malaya kuti ndizipita. Iwo anati ndivule nsapato. Anadina phazi langa ndi chala, ndipo chala chitachoka dzenje linatsala, ngati padothi lonyowa.

Anafunsa kuti ndimagona bwanji. Anafunsanso ngati kwathu alipo amene anadwalapo chotere. Ndinati abambo anamwalira ndi chifuwa, ndi mmene tinauzidwira. Anati chifuwa chili mitundumitundu, ndikafunse bwino kwa amene anawadwazika, chifukwa akufuna kunditumiza ku Lilongwe akandijambule mtima, ndipo kumeneko akafunsa zomwezo.

Achemwali, mukukumbukira mpando wandalema uja unkakhala pakhomo? Abambo ankagona pamenepo chokhala, atafunda bulangete. Amayi ankati akulondera fodya. Ine kusukulu ndinkadzitama kuti bambo anga sagona, akuba amawadziwa mpaka ku Nsaru. Pano ndakhala ndikuganiza. Ankakhalatu pampandopo ngakhale nthawi ya dzinja, fodya akadali kumunda. Ndipo chaka chomaliza chija kutchalitchi ankapita ndi patapata, munthu amene nsapato zake ankazipukuta mpaka kuonerapo nkhope.

Nanenso ndayamba kulondera. Ndikagona chagada zimakhala ngati wina wandisanjika belo pachifuwa, ndiye ndimadzuka n'kukakhala pampando. Mayi a Dalitso ndinawauza kuti akuba achuluka. Fodyatu tinagulitsa kalekale, m'nyumba mwangotsala fungo. Iwo safunsa kuti ndikulondera chiyani. Dzana anangobweretsa bulangete n'kuliika pampandopo, n'kubwerera kuchipinda. Bola akanandikalipira.

Za pachitunda zija nazonso ndikonzeko pang'ono. Thumba linali limodzi, ndipo njinga ndinkachita kukankha.

Inu ndi amene munali nawo kuchipatala abambo mpaka tsiku lomaliza. Ine ndinali mwana, ananditumiza kwa amalume, ndinangobwera kudzaona bokosi. Amayi anapita nazo kumanda osatiuza. Tsono watsala ndinu. Madokotala anakuuzani kuti chiyani? Miyendo inatupa? Anatchulapo za mtima? Abambo anapita kuchipatala mochedwa, kapena mankhwala ake kunalibe masiku amenewo?

Musandinyengerere poti ndine chitsirizira. Adokotala aja anati zoterezi zikadziwika msanga mankhwala alipo, munthu n'kumalima ndithu, kungoti mwina osati fodya. Zimenezo ndingapirire, mtedza nawonso umandidziwa. Chimene sindikufuna n'choti Dalitso azikadzitama kusukulu kuti bambo ake sagona. Ndikamva kwa inu ndiwakhazika pansi mayi ake, ndiwauze zonse, tipitire limodzi ku Lilongweko. Panopa ndikusowa poyambira, chifukwa sindikudziwa ngati ndiwauze kuti ndi fumbi kapena ndi za abambo zija.

Mundiimbire Lachisanu m'mawa, ndidzakhala ndekha kudimba. Mukadzamva ndikuyamba nthabwala mudzandidule, mukundidziwa.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti pa bawo ndikadali mfumu yawo. Ana onse muwapsompsone. Ambuye akusungeni, ndipo potchula mayina m'pemphero, langa muzilitchula kawiri.

Ndine mlongo wanu,
Laston