Zikhomo M'munda wa ku Chiosya

Amayi, kodi kumene muliko mwadzuka bwanji? Ndine Tadala wanu, uja munkauza anzanu kutchalitchi kuti ndi injiniya, iwo n'kumandibweretsera mawailesi akufa kuti ndikonze. Mpaka lero wailesi sinditha kukonza. Ndikumangabe milatho kuno ku Solwezi, ku Zambia, kumene ndinabwera nditamaliza koleji ku Blantyre.

Nkhani yoyamba ndi yokoma. Patatha miyezi isanu titakuikani m'manda, ndinabereka mwana wamkazi, ndipo tinamutcha dzina lanu, Esinati. Mphuno ndi yanu, liuma ndi lanunso. Bambo ake, a Mulenga, aja munkawaseka kuti Chinyanja chawo n'cha pa boda, akuti liumalo watengera ine.

Yachiwiri ikundisowetsa mtendere. A malume a Yohane akufuna kupereka munda wanu wa ku Chiosya kwa mwana wa amayi aang'ono. Akuti ine ndinapita ku chitengwa kutali, ndipo munda wagonera zaka ziwiri chiyambire kudwala kwanu. Sakunama. Kwathu mwamuna ndiye amatsata mkazi, koma ine ndinatsata ntchito, ukwati n'kundipeza komweko. Inu simunadandaule. Munkangoti, "Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka."

Mu Ogasiti ndinapita kumudzi nditanyamula makina oyezera malo. Ndinayeza munda wonse kuchokera pa chulu mpaka pa mtengo wa muwanga, n'kukhoma zikhomo zachitsulo m'ngodya zonse zinayi. Mumtima ndinati mlandu watha. M'mawa mwake ndinapeza a malume atamangirira mbuzi yawo pa chikhomo changa. Ndinapsa mtima, Amayi, mpaka misozi.

Pobwerera, ndili pamzere pa boda ndi pasipoti m'manja, ndinakumbukira zomwe munkanena polima m'malire: "Munda umadziwa khasu, sudziwa pakamwa." Manyazi anandigwira. Mtedza wa m'munda umenewo ndi umene unandiphunzitsa sukulu, koma ine sindinapondemo ndi khasu chichokereni ku sekondale.

A malume andipatsa dzinja lino lokha. Ndikapanda kulima, munda upita, ndipo Esinati adzakhala mlendo kwawo. Ndiye ndapempha tchuthi kuntchito. A Mulenga avomera kukakhala mkamwini kwa mwezi umodzi, ngakhale chibadwire sanagalauzepo mzere. Mbewu yanu ya chalimbana ija sinathe. Amayi aang'ono akhala akuibzala kwawo, ndipo andisungira chitini chimodzi. Iwo omwewo, Amayi, amene mwana wawo akanalandira mundawo.

Zikhomo zija ndikazula ndekha, kupatula cha mbuzi, poti chinapeza ntchito. Esinati ndikamukhazika pa chulu paja aone pomwe agogo ake ankapumira. Ndikulonjeza kuti mvula yobzalira ikandipeza ndili m'munda mwanu, khasu lili m'manja.

Ndakusowani kwambiri.

Ine mwana wanu wokukondani,
Tadala