Kuputa Mayi ndi Ziganizo Zoipa

Lolemba, 4 Meyi

Mayi atuluka m'chipatala lero. Sitiroko yawalanda dzanja lamanja ndi mawu. Maso okha ndi omwe aja, ondiyang'ana ngati ndalowa m'nyumba ndi nsapato zamatope. Adokotala akuti, "Muziwayankhulitsa akazi anuwa, bambo. Pakamwa pasazolowere kukhala duu." Ndiwayankhulitse bwanji? M'banja muno wolongolola ndine, iwo ntchito yawo inali yondidula.

Lachinayi, 7 Meyi

Bedi talisunthira pawindo. Mwana wathu wamkazi wabwera kudzathandiza, ana ake wawasiya kwa apongozi. Buku langa lili patebulo, mutu wachisanu ndi chinayi sunathe. Chiyambireni kulemba nkhani zopeka, palibe tsamba linatuluka muno osadutsa m'manja mwa Mayi. Ine ndikalemba "analira mosweka mtima, misozi ili mbwembwembwe," iwo ankakhwatcha n'kusiya "analira." Ankati ndimaveka chiganizo majekete atatu dzuwa likuswa mtengo. Ndinkakwiya. Lero ndikulakalaka atandikhwatcha.

Loweruka, 9 Meyi

Ndawawerengera mutu wachitatu, umene anaukonza okha. Agona ndili pakati. Mutu wabwino, ulibe powaputa.

Lachiwiri, 12 Meyi

Nzeru yandifikira ndikuwapaka mafuta kumapazi. Ndalemba dala tsamba loipa. Dzuwa "likulowa mwaulemerero wosaneneka," mtsikana "wokongola kwambiri zedi koopsa." Powerenga ndinakweza mawu ngati mlaliki wa mumsewu. Nsidze yakumanzere inakwera. Nsidze ija! Mwana akuti, "Adadi, mukufuna kuwachiritsa kapena kuwamaliza?"

Lachisanu, 15 Meyi

Zoipa tsiku ndi tsiku, ndipo zikubwera mosavuta mpaka ndikudzichitira manyazi. Mayi ayamba kumenya bulangete ndi dzanja lamanzere akamva liwu losafunika. Ndikalichotsa, dzanja phee. Tikugwiranso ntchito limodzi. Koma pakamwa ayi. Milomo imagwedera, kenako amatembenukira kukhoma. Ndinakalirira kubafa, mpopi wotsegula kuti asamve.

Lolemba, 25 Meyi

Mayi anadwala chimfine. Kenako masiku osafuna kumva kalikonse. Mankhwala akweranso mtengo, adokotala sakulonjezanso kanthu. Mwana akubwerera kwake Lamulungu, ana akumufuna. Ndikuopa nyumba ya anthu awiri, wolankhula mmodzi.

Lachitatu, 27 Meyi

Zadala zanditopetsa. Ndabwerera ku mutu wachisanu ndi chinayi, ndalemba ndi mtima wonse. Mnyamata wakwera basi, akupita kukagwira ntchito kutali, mtsikana amene amamukonda osamufunsira chifukwa cha mantha. Mtsikanayo watulukira padepoti. Nkhaniyi Mayi akuidziwa bwino, ndangosintha mtundu wa diresi.

Ndinalemba kuti "anayandikira basiyo mwaulemu, akuponda monyang'wa ngati mwana wa mfumu." Ndinkati chiganizo chimenechi ndiye chaposa zonse m'bukumu. Dzanja pabulangete, phaa. Ndinachotsa mwana wa mfumu. Phaa. Ndinachotsa kunyang'wa, ndinachotsa ulemu. Phaa, phaa. Ndinati, "Mayi inu, kwatsala 'anayandikira' yekha, ndichotsenso chiyani?"

Anavutika, mitsempha ya m'khosi yonse poyera. Ndinafuna kuwaletsa. Kenako mawu olemera, oduka pakati, koma awo:

"Ndina... thamanga."

Mwana anagwetsa mbale kukhitchini.

N'zoona. Anathamanga, nsapato m'manja, akumenya basi m'mbali mpaka dalaivala anaima, anthu onse akuseka. Ine ndi majekete anga ndinakwirira chinthu chokoma koposa chimene munthu anandichitirapo. Liwu loyamba chidwalireni, ndipo n'londikonza. Ndimawakonda amayi amenewa, Mulungu akudziwa.

Ndalemba "anathamanga," basi. Akumenyanso bulangete uko, akufuna tsamba lotsatira, ndipo ine sindinalilembe.