Misomali ya a Evaristo

Valparaíso, mwezi wa Ogasiti

Okondedwa achimwene Hilarión,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, mawondo aja akuwalola kutsikira kumsika? Chifuwa chanu chija chinatha, kapena mukungopumabe guluu wa nsapato osapita kuchipatala? Ine kuno ndilipo, kungoti ndatopa. Ndi kutopa koti ngakhale ndigone, ndimadzuka nako. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni amayi amakhala pambali panu, ndipo izi ndikufuna mumve inu kaye. Zilembo zikamapendama musadabwe, manja akuwawa.

Kuno mvula ndi chisanu sizikuleka. Zovala sizikuuma, ndipo masitepe okwerera kunyumba ino akuterera moti ndikamachokera kogula buledi ndimakwera chogwira khoma.

Mukudziwa kuti ndimasamalira mkulu wina wokalamba, a Evaristo, amene anafa ziwalo mbali ya kumanja. Chimene sindinakuuzenipo n'chakuti pa unyamata wawo ankayenda tauni ndi tauni ndi gulu la masewero a m'tenti, ndipo ntchito yawo inali yoonetsa mphamvu. Ankadula unyolo ndi chifuwa, kunyamula anthu pa thabwa, ndi kupinda misomali ndi manja okha. Lero supuni imawagwa. Koma thupi lidakali lalikulu, achimwene. Kuwadzutsa pabedi kuli ngati kuimika matumba awiri a mbatata nthawi imodzi.

M'mwezi wa Meyi anandigwera m'bafa. Unali m'mawa, nditangowasambitsa, ndiye powaimiritsa kuti akhale pa mpando wawo wamatayala anandipulumuka m'manja. Sanathyoke, tithokoze Mulungu, koma ndinalephera kuwadzutsa. Ndinayesa kugwira m'khwapa, ndinayesa kukoka ndi thaulo, zala zimangomasuka zokha. Ndinawafunditsa bulangeti pansi pomwepo, tinakhala choncho mpaka kunadutsa bambo wogulitsa gasi, amene ndinamuitana pawindo. Manyazi awo oti mlendo wawaona ali chigonere pansi osavala, ine ndinawamva ngati anga omwe.

Mwana wawo, mayi Ximena, amene anandilemba ntchito, amakhala ku Santiago. Atamva sanandikalipire. Anangoti zikachitikanso awapititsa kunyumba yosungirako okalamba, chifukwa munthu mmodzi sangawathe.

M'mawa mwake a Evaristo anandiuza kuti nditambasule manja. Anawayang'ana mmene inu mumayang'anira nsapato yoti singasokekenso. Amvekere, "Msana uli nawo, mwanawe. Miyendo ulinso nayo, si paja unakulira kukwera mapiri kwanuko. Koma zalazi n'zosendera nsawawa basi." Ndinawayankha kuti zala zomwezi ndi zimene zimawasintha thewera, ndiye azizipatsa ulemu. Anaseka mpaka kutsokomola, koyamba chigwereni. Kenako anati ndisolole chitini chimene chinali kunsi kwa bedi. Munali misomali, ina yadzimbiri, ina yopindika kale ngati mbedza.

Ndinaganiza kuti mutu wawo wayamba kusokonekera. Koma m'mawa umenewo anamaliza phala lonse osakakamizidwa, ndiye ndinati bola ndiwasangalatse.

Sanandipatse msomali nthawi yomweyo. Ndinayamba ndi waya wopachikira zovala, kenako waya wokulirapo wa mpanda, kenako timisomali topyapyala. Umakulunga nsonga zonse ziwiri ndi nsalu yokhuthala kuti zisakubaye, pakati n'kusiyapo poonekera. Umagwira ndi manja onse n'kukweza mpaka pansi pa chibwano, zigongono m'mwamba ngati nkhuku yofuna kuuluka, kenako umakankha ndi chifuwa ndi mapewa, osati ndi zala zokha. Iwo ali pa mpando wawo, kumakalipa ndi pakamwa pawo popotoka paja. Akuti ndisamaunyengerere msomali, si mwana wodwala. Akuti ndikaugwira mwamantha umadziwa. Akutinso ndikachita lero ndizipumira masiku angapo, chifukwa minofu imazolowera msanga koma mitsempha ya m'mikono imachedwa, ndipo iwo anaonapo amuna amphamvu akulemala chifukwa chothamanga. Ndinawafunsa ngati zochapa ndi miphika nazonso zidzidikira kuti ndipume. Anati imeneyo si nkhani yawo.

Masabata oyamba palibe chimene chinkachitika. Ndinkakankha mpaka m'maso kuchita mdima, kumasula nsalu, msomali uli chiwongokere. M'zikhatho munatuluka matuza, n'kuphulika, n'kutulukanso. Kufinya ndimu kunkawawa, kumanga mabatani a malaya awo kunkawawa. Bambo wa kuhadiweya anandifunsa kuti ndikumanga nyumba yamtundu wanji, poti misomali ndimagula koma hamala ayi. Ndinamuuza kuti ndimaidyera buledi.

Msomali wa folo inchi woyamba unapindika mwezi watha, tsiku lina masana. Sindinamve n'komwe ngati ndawonjezera mphamvu. Chitsulo chinangofewa mwadzidzidzi ngati chatopa ndi makani, manja n'kuyandikana. Nditamasula nsalu, msomali unali wotentha pakati. Sindinkadziwa kuti chitsulo chimatentha chikamapindika. Ndinauika m'dzanja lawo lamoyo lija. Anaugwira nthawi yaitali, kenako anausamutsira m'dzanja lakufalo n'kulifumbatitsa zala ndi dzanja linalo. Sanandiyamikire. Anangoti wapindikira kumbali chifukwa ndinaugwira mokhota. Koma anagona nawo masana amenewo, moti ndinachita kuwalanda ali m'tulo kuopa angadzibaye.

Manja alimbadi, sindinama. Tsopano ndikawagwira lamba powadzutsa, zala sizimasuka. Sanandigwerenso.

Mwina mukuganiza kuti zatha bwino, koma ayi. Sabata yatha mayi Ximena anabwera ndi amuna awo. Anapeza dzanja langa lamanzere lili ndi bandeji, poti nsalu ya jinzi imene ndimakulungira inatha, nsonga inaboola n'kundibaya pachikhatho. Musadandaule, jakisoni ndinakabayitsa. Atafunsa ndinanena zoona. Mayi Ximena anati iwo anakulira m'nyumba imene bambo awo ankapinda chilichonse, mafoloko ndi makiyi omwe, kuti alendo aseke, ndipo sankaganiza kuti adzazionanso. Sananene mokwiya. Nawonso ankaoneka otopa ngati ine. Pambuyo pake anandiitanira kukhitchini n'kundiuza kuti malo kunyumba ya okalamba kuja apezeka, ndipo nyumba ino aigulitsa. Akuti si chifukwa cha ine kapena misomali. Adokotala anena kuti mtima wa bambo awo ukufuna anamwino pafupi, komanso masitepe athuwa palibe ambulansi ingawakwere. Sindinatsutse, chifukwa ndi zoona. Adzawatenga kumapeto kwa Seputembala, zikondwerero za dziko lino zikatha.

A Evaristo atauzidwa sanalire, sanakalipe. Anangofunsa ngati kumeneko amalola munthu kusunga misomali. Mkamwini wawo anati ayi, ngakhale lezala salola. Alendo atapita anandiitana. Anati, "Mwanawe, msomali wa sikisi inchi sunaukhudze. Ine ndinaupinda ndisanamere ndevu, pamaso pa mtsikana amene anadzakhala mayi wa Ximena. Ndikufuna ndiuone ukupindika kamodzi kokha ndisanapite kokadikira imfa." Ndinawauza kuti asamayankhule choncho, komanso akumbukire kuti ine ndine mayi wa zaka makumi anayi wotopa ndi zochapa. Amvekere, "Ndiye udzatope utaupinda."

Apa ndiye pali pempho langa, achimwene. Akuti pa msomali waukulu nsalu siikwana, pamafunika chikopa chofewa koma choti nsonga singachiboole. Ndafunsa kuno, akungogulitsa chathunthu, ndipo wosoka nsapato wa kumunsi kwathu anandipatsa chinachake chonga pulasitiki chimene chinang'ambika tsiku lomwelo. Inu muli nazo zotsalira kunsi kwa benchi lija la malemu bambo. Mundidulire zidutswa zinayi, chilichonse kutalika ngati phazi la munthu wamkulu, m'lifupi ngati chikhatho chanu. Chikhale chosapaka utoto, chokhakhala, chifukwa chosalala chimaterera. Msuweni wathu Rufina akubwera kuno pa basi kumayambiriro kwa Seputembala, mumupatsire. Ndikudziwa kuti museka mukamawerenga apa. Sekani, koma dulani.

Ngati ndiupinde sindikudziwa. Dzulo ndinauyesa ndi dzanja la bandejili, sunasunthe n'komwe. Nthawi ndi yochepa, ndipo chigongono chimandiwawa kukazizira. Masana ena ndimadzifunsa kuti ndikuvutikiranji ndi chinthu choti sichiwabweza kumene akupita, sichindisungiranso ntchito. Koma nthawi ikakwana amakhala atayang'ana kale kuchitini kuja, ndiye ndimangosamba m'manja n'kuyamba kukulunga.

Za ntchito ina ndayamba kufunsa kutchalitchi kumene timakumana a kwathu. Pali banja lina mumzinda wapafupi wa Viña del Mar likufuna munthu wosamalira mayi awo. Ndikalowa kumeneko ndiye kuti Khirisimasi ino sindibwera, poti munthu sungayambe ntchito n'kupempha tchuthi. Amayi ndidzawauza ndekha zikatsimikizika. Inu mungowakonza mtima pang'onopang'ono.

Ndilekeze pano, a Evaristo akugogoda khoma ndi ndodo, nthawi yowatembenuza yakwana.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti juzi imene anandilukira ndi imene ikundisunga m'chisanu muno. Moni kwa alamu anga a Domitila ndi ana onse, kwa amalume a ku Jauja, ndi kwa azakhali ngati anatuluka m'chipatala. Mwana wanga Nélida mumukumbatire m'malo mwanga. Mumuuze kuti ndikadzabwera ndidzamuluka tsitsi monga kale, kungoti manja a mayi ake tsopano ndi okhakhala ndi olemera, ndiye ndidzayesetsa kusamukoka.

Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu,
Zenobia